Canada wa m'kalasi la ku Ottawa si Canada wa m'kalasi la ku Maine

Mayunivesite a mbali zonse ziwiri za malire a Canada ndi America amaphunzitsa za Canada, koma zimene zinayambitsa maphunzirowa n'zosiyana, ndipo kusiyanako kumaonekabe pa zimene wophunzira amapatsidwa kuti awerenge.

Ku Canada maphunzirowa anakula chifukwa choopa kumezedwa ndi America. M'zaka za m'ma 1960 mayunivesite ankatsegulidwa mothamanga, aphunzitsi n'kumaperewera, choncho ambiri ankachokera ku America atanyamula mabuku ndi zitsanzo zakwawo. Mu 1969 Robin Mathews ndi James Steele a pa Carleton University ku Ottawa anatulutsa buku lodandaula za zimenezi, ndipo mu 1975 lipoti la Thomas Symons, To Know Ourselves (Kuti Tidzidziwe), linaonetsa kuti mayunivesite ankanyalanyaza nkhani za dziko lawo lomwe. Carleton inali itayamba kale maphunziro a za Canada (Canadian Studies) mu 1957, Trent University n'kutsatira mu 1972. Mpake kuti Pierre Trudeau, nduna yaikulu ya Canada nthawi imeneyo, anayerekeza kukhala moyandikana ndi America ndi kugona pamodzi ndi njovu: ikangotembenuka, iwe tulo tatha.

Ku America maphunzirowa anamera kwambiri chakumalire, monga ku University of Maine, SUNY Plattsburgh ya m'chigawo cha New York, University of Vermont ndi Western Washington University. Bungwe la aphunzitsi ake, ACSUS, linakhazikitsidwa mu 1971. Kumeneko Canada ndi dziko lakunja, ndipo kwa zaka zambiri ena mwa malowa ankadalira thumba la boma la Title VI lothandiza maphunziro a mayiko ena ndi zilankhulo zawo. Nkhani zimene zimatenga malo ndi malonda, mkangano wa matabwa, madzi a nyanja zikuluzikulu za m'malire (Great Lakes), mafuta ndi chitetezo cha ku Arctic. Zolembalemba ndi mafilimu zilipo, koma sizilamula. Vuto la njirayi ndi kudalira thandizo lochokera kwina. Mu 2012 boma la Canada la Stephen Harper litathetsa pulogalamu ya Understanding Canada, imene inkathandiza aphunzitsi a kunja pa kafukufuku ndi maulendo, ambiri anasowa pogwira.

Pa mafilimu ndi pamene wophunzira watsopano amaterereka. Ku America palibe amene amavutika kuwerengera ngati filimu ndi ya ku America. Ku Canada pali masamu ake. Ofesi ya boma ya CAVCO, yotsimikiza kuti filimu ndi ya ku Canada, imagawa mapointi 10: wotsogolera filimu 2, wolemba nkhani 2, kenako imodziimodzi kwa ochita sewero awiri otsogola, wojambula, wokonza maonekedwe a malo, wopeka nyimbo ndi wolumikiza zithunzi. Pofunika mapointi osachepera 6 a anthu a ku Canada. Wotsogolera kapena wolemba akhale wa ku Canada, mmodzi mwa osewera awiri aja chimodzimodzi, ndipo 75 peresenti ya ndalama zina zopangira filimuyo ilipidwe kwa anthu a m'dzikomo. Onani kuti palibe pointi ya nkhaniyo payokha. Choncho filimu ya Hollywood yojambulidwa ku Vancouver, mzindawo ukunamizira kukhala Seattle, si ya ku Canada, pamene ina yosatchula n'komwe Canada ikhoza kukwanitsa mapointi onse. Wosankha filimu yolembapo kafukufuku pongoona kumene inajambulidwa amapezeka kuti walemba za bizinesi ya Hollywood. Poyambira pabwino ndi National Film Board, nthambi ya boma la Canada yopanga mafilimu imene inakhazikitsidwa mu 1939, imene inaika mafilimu ake ambiri pa intaneti kwaulere.

Cholakwika china, chofala mbali zonse, ndi kuwerenga olemba a Chingerezi Margaret Atwood ndi Alice Munro basi, kenako n'kumanena za Canada yense. Ku Québec, chigawo cholankhula Chifalansa, anthu zolemba zawo amaziona ngati za mtundu wawowawo, ndipo kawirikawiri zimaphunzitsidwa m'dipatimenti ya Chifalansa. Chifalansa cha m'buku nachonso sichikwanira. Sewero la Michel Tremblay la mu 1968, Les Belles-sœurs, linalembedwa m'chilankhulo cha m'misewu ya Montréal chotchedwa joual, ndipo womasulira amataya zambiri. Apa Plattsburgh ili ndi mwayi woposa mayunivesite ena a ku Canada komweko, poti Montréal ili pafupi, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Pamene Canada yasiya mnzake patali ndi pa nkhani ya eni nthaka, mitundu imene inalipo azungu asanafike. Komiti ya Truth and Reconciliation itapereka mfundo zake 94 mu 2015 zokhudza sukulu zogonera komweko zimene zinkalanda ana a eni nthaka kwa makolo awo, University of Winnipeg ndi Lakehead University zinayamba mu 2016 kulamula ophunzira atsopano a digiri yoyamba kuphunzirako za anthuwa. Filimu ya Zacharias Kunuk ya mu 2001, Atanarjuat, ya m'chilankhulo cha Inuktitut, tsopano ili pakatikati pa maphunziro a mafilimu a dzikolo. Zimenezi zasintha ngakhale funso la Symons lija, chifukwa aphunzitsi ambiri lero amayamba ndi kufunsa kuti "ife" amene tikufuna kudzidziwa ndi ndani, ndipo malo amene yunivesite yamangidwapo anali a yani.