Lekani kunena kuti ndi katsabola chabe

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali tinali pa phwando la tsiku lobadwa la mwana wa mnzathu kuno ku Manchester, Amalawi okhaokha, ana ali piringupiringu m'holo. Mayi wina analowa ndi mwana wa zaka 3, nkhope yonse matuza a katsabola, ena akadali ndi madzi. Nditawafunsa mwaulemu anangoti, “Aa, ndi katsabola chabe amayi, bola anawa adwaliretu akadali aang'ono.” M'holo momwemo munali mlamu wanga woyembekezera amene sanadwalepo katsabola chibadwire. Munalinso khanda la masabata atatu.

Anakutumani ndani kusankhira ana a eni tsiku lodwala? Mwana wanuyo ndi wanu, musamalireni kunyumba mpaka matuza onse aume, nthawi zambiri ndi masiku 5 okha. Masiku 5! Mwalephera kudikira chifukwa cha mpunga ndi nkhuku? Nthendayi imayenda mumpweya, ndipo imatenga masiku 10 mpaka 21 kuti ionekere. Ndiye kuti mlamu wanga akhala masabata atatu mtima uli m'mwamba chifukwa cha mawu anu oti “chabe”. Kwa mayi woyembekezera katsabola amatha kufika m'mapapo, amathanso kuvulaza mwana ali m'mimba. Nanga amene chitetezo chawo cha m'thupi ndi chochepa, oti sangaime pa phwando n'kulengeza matenda awo, munawaganizira?

Ndikudziwa, tonse tinakula tikudwala katsabola kumudzi, kutipaka mankhwala n'kutigoneka pa mphasa, chifukwa katemera kunalibe. Pano alipo. Ku America katemerayu anayamba mu 1995. Asanayambe, anthu pafupifupi 4 miliyoni ankadwala katsabola chaka chilichonse, oposa 10,000 ankagonekedwa m'chipatala, ndipo 100 mpaka 150 ankamwalira. Lero odwala achepa ndi 97 pa 100 aliwonse. Amene ankamwalirawo analinso ana a anthu, ndipo makolo awo ankamvanso kuti ndi katsabola chabe. Kuno ku England NHS, nthambi ya boma yoona za zipatala, inaika katemerayu pa ndondomeko ya ana mu Januwale 2026, wophatikiza ndi wa chikuku, dzina lake MMRV, pa miyezi 12 ndi 18. Waulere. Ana a abale athu ku Ndirande ndi kwa Mtandire sakumulandira ku sikelo, inu muli naye pakhomo koma mukuyendabe ndi matuza m'maphwando. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndipo musaganize kuti matuza akauma nkhani yatha. Kachilomboko kamabisala m'mitsempha moyo wonse, ndiko kamadzabweranso ngati mashingozi munthu atakula. Funsani amene anadwalapo mashingozi akuuzeni mmene amaotchera. Imeneyo ndiyo mphatso munagawa Loweruka.

Chinanso chandinyansa ndi gulu lathu la pa WhatsApp. Nkhaniyi itangofika kumeneko, wina walemba kuti mwana wa katsabola mum'patse ibuprofen kapena asipulini thupi lizizire, anthu n'kumayamikira. Ayi! Madokotala amaletsa zonse ziwirizo pa katsabola, amati paracetamol. Ndalemba zimenezi m'gulumo m'mawa uno ndipo mpaka pano palibe wafufuta uthenga uja.