Inu ogenda miyala ku bwalo la mpira, kodi mukudziwa kuti timu imafa?

Ana anga a mu Lilongwe muno, makamaka inu amene mumavala malaya a buluu a Silver Strikers ngati ine, tatcherani khutu pang'ono. Ndakhala chete nthawi yayitali, koma zimene ndinaona ulendo womaliza umene ndinapita ku mpira zandikana kugona nazo m'mimba.

Ndinatenga mdzukulu wanga wa zaka 9, woyamba kubadwa wa mwana wanga wamkazi. Anali atandivutitsa mwezi wathunthu kuti agogo tikaonere limodzi. Tinakwera minibasi, ndinamugulira chimanga chootcha pachipata, tinakhala bwinobwino. Chigawo choyamba chinatha mwamtendere. Chigawo chachiwiri oyimbira anakana chigoli, ndipo pomwepo anyamata amene anakhala kumtunda kwathu anayamba kutukwana mawu oti ine sindingawalembe pano. Kenaka botolo linadutsa pamwamba pa mitu yathu n'kukaphulikira pa masitepe apansi. Munali mkodzo. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene sankadziwa n'komwe kuti chigoli chakanidwa chifukwa chiyani, mwala unamupeza pamwamba pa diso. Beseni lake linagubuduzika, mandasi ali mbwee, ndipo ena mwa inu munkatola n'kumadya mayiyo atagwira kumaso magazi akutsika m'zala. Mdzukulu wanga anandikoka malaya n'kunena kuti, "Agogo, tiyeni tizipita kwathu." Chichokereni tsiku limenelo sanatchulenso za mpira.

Wogenda mwala uja anavala malaya a timu imene ine ndayikonda kuyambira ndili mnyamata. N'chifukwa chake ndikulankhula ndi inu a kwathu, sindikuloza chala Maule a Bullets kapena Manoma a Wanderers. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ambiri a inu munabadwa n'kuipeza Silver Strikers ilipo, ndiye mumaiona ngati phiri la Nkhoma, loti linalipo ndipo lidzakhalapo. Si choncho. Timu imeneyi inayambika mu 1977, patangopita zaka ziwiri likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Masiku amenewo Lilongwe inali tauni ya fumbi ndi tchire, ndipo mpira weniweni unkatengedwa kuti kwawo ndi ku Blantyre. Bata Bullets, Wanderers, ADMARC Tigers, onsewo anali a kummwera. Ife a kuno tinkamvera pa wailesi ya MBC, titazungulira kawailesi ka mabatire, ndipo timu ya ku Blantyre ikabwera kuno inkabwera ngati mlendo wolemekezeka wodzatiphunzitsa. Reserve Bank of Malawi ndi imene inalera timuyi, n'chifukwa chake mpaka lero mumaitcha ma Bankers, ndipo bwalo lake lili ku Area 47 kuja.

Super League itayamba mu 1986, oyamba kubweretsa ulemu mumzinda uno sanali ife. Anali achibale athu a Civo United, timu ya ogwira ntchito m'boma, amene anatenga ligi mu 1987. Ife tinadikira mpaka 1993. Werengani nokha, zaka 16 chiyambire timu. Zaka zonsezo tinkagonja, tinkabwerera kunyumba wapansi mitu ili pansi, koma Loweruka lotsatira tinkapitanso. Oyimbira ankalakwitsa nthawi imeneyonso, musaganize kuti zayamba lero. Tinkakuwa, tinkadandaula njira yonse, koma munthu ankatha kupita ku Civo Stadium ndi mkazi wake ndi mwana kumsana. Sindikunena kuti m'badwo wathu unali wa angelo, ayi, oledzera ndi andewu analipo. Koma munthu wotola mwala ankagwidwa dzanja ndi anzake omwe asanaponye, ndipo akulu akamudzudzula ankachita manyazi.

Dzina la timu imeneyi linamangidwa ndi thukuta la anthu. Young Chimodzi anasewera kuno, anavala malaya a Flames, timu ya dziko lino, zaka zambiri, kenaka n'kukhala mphunzitsi. Hellings Mwakasungula anali m'gulu la Flames limene mphunzitsi Kinnah Phiri anapita nalo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Angola mu 2010, kumene tinathira Algeria zigoli 3 kwa duu. Silver inatenga ligi mu 2008, n'kudzaitenganso kangapo motsatizana mpaka 2013. Anthu amenewa ankadzuka m'mamawa kuthamanga, ena anathyoka miyendo, ena anapuma mpira alibe kalikonse m'thumba. Ndiye inu mubwere ndi kachasu m'mutu kudzapaka dzina limeneli mkodzo wa m'botolo?

Chaka cha 2013 chomwecho ndi chimene ndikufuna muchikumbukire, inu amene panthawiyo munali kupulayimale. Kumapeto kwa chakacho, ku Balaka, Silver inkasewera ndi Wanderers ligi ili kumapeto. Kunabuka zipolowe, miyala inauluka, masewero sanathe, ndipo munthu mmodzi wochemerera anamwalira. Anachoka pakhomo m'mawa kukaonera mpira, anabwerera m'bokosi. Matimu onse awiri analangidwa. Chikho cha chaka chimenecho tinachitenga, koma ine sindinachivinire, ndipo ndikudziwa anzanga ambiri amene sanachivinire. Kuchoka pamenepo tinakhala zaka 11 osaionanso ligi. Kamuzu Barracks, asilikali a mumzinda mwathu momwemuno, anaitenga mu 2016, Wanderers mu 2017, Bullets n'kuikumbatira zaka zotsatizana, ife mpaka 2024 pamene Peter Mponda anatibweretsera chikho chachisanu ndi chinayi. Sindikunena kuti linali tsoka la ku Balaka, zimenezo ndi za Mulungu. Ndikungoti amene anaona maliro aja sangatolenso mwala, ndipo inu mukutola chifukwa simunawaone.

Tsono imvani chimene chimandiopsa kwambiri. Matimu a kuno ku Malawi ambiri amakhala ndi moyo chifukwa pali kampani kapena nthambi ya boma imene ikuwadyetsa. Dzanja limenelo likachoka, timu imafota ngati chimanga cha pa ng'amba. Afunseni abambo anu za MDC United. Inali timu yoopsa, yotenga zikho, koma kampani yake itatha nayonso inatha. ESCOM United inatenga ligi mu 2007, lero ili kuti? Tigers ija ADMARC itaisiya yakhala ikuyenda movutika mpaka lero. Ngakhale Bullets ndi Wanderers, ndi unyinji wa masapota awo, taonani mmene asinthira mayina: Bata, Total, Bakili, Nyasa uku, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward uko. Pafupifupi dzina lililonse pamenepo ndi wothandiza amene anabwera n'kupita, ndipo pakati pake panali zaka zina zimene osewera ankakhala miyezi osalandira kanthu. Ife a Silver takhala ndi mwayi woti kholo lathu ndi limodzi kuyambira pachiyambi, ndipo mwayi umenewu watipusitsa. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Matimu a MDC ndi ESCOM aja sanafe ndi miyala, anafa chifukwa makampani awo anagwa kapena anatopa. Koma miyala nayo inathamangitsapo wothandiza, ndipo umboni ulipo. Mu 2003 ndime yomaliza ya chikho cha Carlsberg pakati pa Bullets ndi Wanderers inasokonekera, masewero osatha. Kampaniyo inachotsa chikho chake, ndipo sichinabwerere mpaka 2012. Zaka zonsezo osewera anataya ndalama zimene akanapata, chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Munthu wa bizinesi amaika ndalama zake pamene dzina lake likutchulidwa mwaulemu. Palibe bwana amene angasangalale kuona chizindikiro cha kampani yake pachifuwa cha mnyamata amene akuswa galasi la basi ya alendo, chithunzi chili ponseponse pa Facebook ndi WhatsApp. Tsiku lina akuluakulu adzakhala pa tebulo n'kufunsana kuti kodi ndalama zimenezi tikugula nazo chiyani, ndipo inu simudzaitanidwa pa msonkhano umenewo.

Chindapusa chimene FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, kapena Sulom, yoyendetsa ligi, imalamula mukachita zipolowe sichichoka m'thumba mwanu. Chimachoka ku timu. Ndi ndalama zimene zikanagula nsapato za ana a timu yaing'ono, kapena kulipira chipatala cha wosewera wovulala. Akalamula kuti timu isewere popanda oonerera, amene amagona ndi njala ndi mayi wa mandasi uja, mnyamata wa chiwaya, wa kabaza amene amadikira pachipata. Inu mumangosamukira ku shabini n'kumaonera mpira wa ku England.

Nanga za kulowa mwaulere? Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, foni yodula m'manja, koma akukwera mpanda kapena kupatsa wapachipata kangachepe kuti amulowetse mozemba. Ena mumagula matikiti achinyengo mukudziwa. Mukatero mukufuna timu igule osewera apamwamba, ndipo ikagonja ndinu oyamba kutukwana mphunzitsi ndi mayi ake omwe. Mumabera mwana wanu yemwe n'kumamukalipira kuti bwanji waonda.

Za Bingu National Stadium ndiye zimandiwawa mwapadera. Bwalo limene lija ku Area 48 linatsegulidwa mu 2017, limalowa anthu oposa 40,000, ndipo linamangidwa ndi ngongole ya ku China imene inu ndi ana anu mudzabweze. Ife tinakalamba tikukhala pa simenti ndi pa udzu, inu mwapatsidwa mipando, ndipo mukakwiya mumaizula n'kumaponya. Mipope ya m'zimbudzi mumaba. Mwaiwala kuti mu 2021 Flames inkasewera masewero ake apakhomo ku Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa kuno kunalibe bwalo lovomerezeka? Timu ya dziko kukhala mlendo pa masewero ake omwe, Amalawi n'kumamvera pa wailesi ngati kale lija. Mukufuna tibwererenso kumeneko?

Ndipo inu makolo anzanga, sindikusiyani. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira ufulu wathu, anthu 8 anafa pa chipata cha bwalo lomwelo, 7 mwa iwo ana. Kunali masewero a Silver ndi Bullets, kulowa kunali kwaulere, zipata zinachedwa kutsegulidwa, anthu anakankhana, utsi wokhetsa misozi unaponyedwa, ndipo ana anaponderezedwa pansi. Za amene analakwitsa pokonza mwambowo zinakambidwa kale. Ine funso langa lili kwa ife: kodi taphunzirapo chiyani? Mpaka lero ndimaona tiana ta zaka 7 kapena 8 tikuyenda tokha kuchokera ku Mtandire ndi ku Senti, opanda nsapato, tikudzipanikiza pakati pa miyendo ya akuluakulu pachipata. Mayi ake ali kunyumba, bambo ake ali ku bawo, palibe akudziwa kumene mwana ali. Ngati simungathe kumuperekeza n'kumugwira dzanja, mwana akhale pakhomo. Ndipo inu anyamata amphamvu, mukaona chipata chapanikizika, kukankha kwanu kumbuyoko kumafika kutsogolo ngati thumba la simenti pa chifuwa cha mwana. Imani. Mpira sungathawe.

Atsogoleri a masapota, inu amene mumayimbitsa ng'oma ndi kutsogolera nyimbo, mumawadziwa ogenda miyala ndi mayina awo. Mumakwera nawo galimoto imodzi popita ku Mzuzu ndi ku Blantyre, mumadziwa amene amanyamula mabotolo, mumadziwa amene amayamba kumwa 9 koloko m'mawa. Mukawabisa ndiye kuti muli nawo limodzi. Muuzeni mnzanuyo pamaso kuti malaya awa avule, apite akagendere kwawo. Akakana, muloze kwa apolisi. Kumeneko si kugulitsa m'bale, m'bale wanu ndi mayi uja anatuluka magazi.

Masewero akubwerawa ndipitanso, ndipo ndikakhala pamalo panga pomwe ndimakhala, ndi chipewa changa cha buluu chimene chinasuluka kale. Ndikaona wina akuwerama kutola mwala ndidzamugwira dzanja, ngakhale mphamvu zinandithera. Mdzukulu wanga ndamufunsa dzulo ngati tipitire limodzi. Wapukusa mutu, wati akamvera pa wailesi.