Pa Gorodi woyenda pansi ndiye apatuke, koma adziwe popatukira

Amene mukukonza zokwera ku Livingstonia wapansi kudzera msewu wa Gorodi, pali nkhani ya magalimoto imene ambiri saiganizira mpaka atakumana nayo pakona. Kuchokera pa Chitimba, m'mbali mwa msewu wa M1, kukafika pamwamba pali makilomita pafupifupi 15, makona okhota kwambiri 20, ndipo mumakwera mamita oposa 700 kuchoka kunyanja. Msewuwu ndi wopapatiza, malo ambiri ndi wadothi ndi miyala, ndipo mumagawana ndi ma Land Cruiser, mapikapu onyamula anthu ndi katundu, ndi akabaza a njinga zamoto.

Maganizo anga ndi akuti woyenda pansi ndiye ayenera kupatuka nthawi zonse, asadikire kuti galimoto imuyimire. Ena amakwiya nazo, amati dalaivala ali ndi mabuleki. Inde ali nawo, koma galimoto yodzaza ikaima pakati pa chitunda chamiyala, kunyamukanso ndi ntchito. Matayala amangozungulira pamalo amodzi, kilatchi imapsa, ndipo galimoto imayamba yabwerera m'mbuyo pang'ono isanagwire. Inu kuima ndi kuponda phazi limodzi pambali basi. Komanso tisaiwale kuti ife timakwera kukasangalala, pamene mugalimotomo mwina muli wodwala wopita ku chipatala cha David Gordon Memorial kapena matumba a ufa a kugolosale.

Vuto lili pa kudziwa popatukira. Kusukulu tinaphunzira kuti tiziyenda kumanja, moyang'anizana ndi magalimoto. Pamsewu wa phula ndi zoona. Pa Gorodi lamuloli silikwanira, chifukwa mukangokhota kona imodzi, dzanja lamanja lomwe linali kukhoma la phiri limasanduka la kuphompho. Pamalo owongoka sankhani mbali ya phiri, osati ya phompho. M'mphepete mwa phompho dothi limakhala lofewa, mvula imalidya kunsi, ndipo munthu wodzidzimuka ndi hutala amabwerera m'mbuyo osayang'ana. Koma mbali ya phiri nayo ili ndi msampha wake: ngati pali thanthwe loima ngati khoma ndipo msewu ndi wongokwana galimoto imodzi, mudzapanikizika pakati. Pitani patsogolo kapena bwererani mpaka pomwe pali ngalande yotsikiramo kapena kachulu kokwerapo. Mukamayenda maso azikhala akusaka malo otere galimoto isanamveke n'komwe.

Pakona penipeni musayimepo, ngakhale pali mthunzi wabwino. Mkati mwa kona ndi momwe chitunda chimakula kwambiri, ndipo matayala a kumbuyo amadula mkatimo kuposa a kutsogolo. Phazi lanu lingakhale pamene dalaivala sakuyang'anako. Kunja kwa kona ndi kumene mphuno ya galimoto imakafika pofuna malo okhotera. Galimoto yaitali pena siitha kona ulendo umodzi, imaima, kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso. Mukamva injini muli pafupi ndi kona, imani masitepe 20 musanafike kapena fulumirani mudutse ndithu.

Palinso china chimene misewu yokhotakhota yokha ili nacho. Popeza msewu umadzipinda, galimoto imene mukuimva ikhoza kukhala pamwamba pa mutu wanu penipeni, ndipo mwala umene tayala lake lagwedeza umagubuduzika kudzagwera chigawo cha msewu chomwe inu muli. Mukamva miyala ikuphokosera kumtunda musathamangire kuphompho. Yang'anani m'mwamba kaye muone kolowera.

Yokwera imamveka patali. Yoopsa ndi yotsika. Akabaza ena amazimitsa injini pamtsetse kuti asunge mafuta, ndiye njinga imakufikirani mwakachetechete, mumangomva tchenicho ili kale pamsana. Pachifukwa chimenechi mahedifoni asiyeni m'chikwama, ngakhale khutu limodzi. Galimoto yotsika ikamanunkha ngati chitsulo chopsa, dziwani kuti dalaivala watsika akuponda buleki m'malo moika giya yaing'ono, ndipo mabuleki akatentha amasiya kugwira bwino. Imeneyo ipatseni malo ochuluka kuposa momwe mukuganizira. Madalaivala inunso mukumva: giya yaing'ono iikidwe pamwamba mtsetse usanayambe, hutala ilire musanalowe kona iliyonse, ndipo wotsika ndiye amaimira wokwera.

Galimoto ikadutsa musabwerere mumsewu nthawi yomweyo. M'chilimwe fumbi limatenga mphindi yathunthu kuti likhazikike, ndipo m'fumbimo nthawi zambiri mumabisala njinga kapena galimoto yachiwiri imene dalaivala wake sakuona kanthu. Tembenukirani kumbali, tsekani mphuno ndi kansalu, mvetserani, kenaka pitirizani. Kumbuyo kwa galimoto yokwera musayendeko pafupi, matayala amaponya miyala yofika kukula ngati chibakera.

Mukakhala gulu, nonse mupatukire mbali imodzi. Zimachitika kawirikawiri kuti atatu athawira kumanja, awiri kumanzere, mmodzi wasintha maganizo galimoto ili pafupi n'kudumpha msewu. Dalaivala sangayang'ane mbali ziwiri uku akuzemba maenje. Wotsogolera ndi wotsalira kumbuyo akhale ofuula "galimoto", ana akhale m'manja mwa akulu, ndipo ngati anzanu atsalira kuseri kwa kona, muuzeni dalaivala ndi zala kuti atsala angati.

Mukapeza galimoto yakanika chitunda ndipo akupemphani dzanja, thandizani, ndi chikhalidwe chathu. Koma kankhirani chakumbali, osati kumbuyo kwenikweni, ndipo mwala wotchingira tayala uikidwe muli pambali, zala zili pamwamba pa mwalawo osati pansi.

Za njira zachidule. Zilipo zambiri, zimadula makona, anthu a kumeneko amazidziwa bwino ndipo zimachepetsadi mtunda. Sindikuti musadutsemo, koma ziwiri izi muzidziwe. Njira yachidule imakutulutsirani mumsewu mwadzidzidzi, kawirikawiri pafupi ndi kona, ndipo potsika mumafikamo ndi liwiro miyendo itakana kuima. Imani masitepe atatu musanatulukire. Chachiwiri, musatsegule njira yanuyanu pongofuna kudula. Pamene mapazi apha udzu, madzi a mvula amatsata pomwepo, amakumba kangalande, ndipo dothi lonselo limakathera mumsewu womwewo. Tsatani zopondedwa kale, makamaka muli ndi munthu wa m'deralo. Kumeneko n'kwa Atumbuka, "monire" yekhayo amatsegula pakamwa pa aliyense wokulozerani njira.

Nthawi yake werengerani chonchi: potsata msewu wonse ndi kachikwama kopepuka, maola 4 mpaka 5 kukwera. Nyamukani pa Chitimba cha m'ma 5:30 kapena 6 koloko m'mawa, chifukwa kunyanja kumatentha msanga, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo chigawo chovuta cha makona mukufuna muchimalize dzuwa lisanafike pamutu. Madzi tengani malita atatu munthu mmodzi, muzimwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la lita pa ola, osadikira ludzu. Botolo limodzi musungunulemo paketi ya Thanzi pa lita imodzi, kapena masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Thukuta limachotsa mchere m'thupi. Nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yophika, zimenezo zikukwanirani. Valani malaya owala, ofiira kapena achikasu, osati obiriwira kapena otuwa ofanana ndi tchire. Tochi ikhale m'chikwama ngakhale mukuti mufika masana, mdima kwathu kuno umagwa msanga ikangokwana 6 koloko.

Nsapato zikhale za mapazi okhakhala kunsi. Patapata ndi nsapato zosalala zimaterereka pa timiyala ting'onoting'ono, ndipo anthu ambiri amagwa potsika osati pokwera. Wengani zikhadabo za kuphazi dzulo lake, mangani zingwe zolimba pakakolo kuti zala zisamagunde kutsogolo, pondani masitepe afupiafupi mawondo atapindika pang'ono. Pa makona amene anathirapo konkire samalani kwambiri, mchenga wa pamwamba pa konkire umaterera kuposa dothi.

Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, zonsezi zimawirikiza. Galimoto pamatope imatha kutsetsereka chammbali ngakhale dalaivala atagwira chiwongolero bwinobwino, ndiye malo amene m'chilimwe anali okwanira kupatukirapo sakwaniranso. Mvula yamphamvu ikagwa usiku, dikirani dzuwa liwumitse msewu maola angapo. Ndipo mukafika pa mathithi a Manchewe, otalika mamita 125, musanalowe m'tauni, miyala ya m'mphepete mwake imakhala yonyowa. Chithunzi jambulani mutakhala pansi.