Inu a kabaza, lekani kuthira zonyansa m'thanki

Sabata yathayi pa galaja ina kumsika kwathu, makaniko amakhuthula thanki ya njinga yamoto ya mnyamata wa kabaza. Zimene zinatuluka mmenemo! Pamwamba petulo, pansi madzi adzimbiri, fungo lake kachasu weniweni. Mwiniwake osachita n'komwe manyazi, ati: "Mesa petulo wa pa filing'i amasakanizanso ndi mowa?"

Ana inu, nzeru zimenezi mukuzitola kuti? Inde, petulo wathu amathiramo mowa wotchedwa ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ina ili ku Chikwawa. Komatu ameneyo amamuchotsa madzi pafupifupi onse, n'kuthira moyeza, osapitirira magawo 20 pa 100 alionse. Nanga kachasu wanu wodzaza madziyo mwamuyeza ndi chiyani? Madziwo amakoka mowa n'kukakhazikika nawo pansi pa thanki, pomwe injini imayamwira. Ndiye mukudabwa kabuleta ikatsekeka? Mukudabwa njinga ikazima pachitunda mutanyamula mayi wopita kuchipatala?

Ngakhale ethanol wabwinoyo, mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi petulo, imaperewera ndi gawo limodzi mwa atatu. Mukachulukitsa, mafuta satenga mtunda, injini imatentha mopyola, timapaipi ta labala timafewa n'kuyamba kudontha. Mwapulumutsapo ndalama zingati pamenepo?

Nanunso mavenda a zigubu, amene mafuta akangosowa mumathamangira palafini kuti malita achuluke, mulibe chisoni? Palafini sapsa bwino mu injini ya petulo. Injini imagogoda, mapulagi amada bii, ku ekizozi kumangotuluka chiutsi chowawa m'maso. Mnzanu anatenga njingayo pangongole, inu n'kumuphera pisitoni chifukwa cha phindu la tsiku limodzi?

Utsi umenewo akupuma ndani? Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, khanda lili kumsana, mwana wasukulu amene mwamukweza kumbuyo. Ena mwafika poliza jenereta m'nyumba, mazenera otseka, ati kuopa akuba. Mpweya wa carbon monoxide wa mu utsi wa jeneretayo sununkha, suoneka, umapha anthu ali m'tulo. Zimenezinso mukufuna tichite kukuuzani ife okalamba?

Mafuta akasowa, imikani njingayo. Lekani chibwana chimenechi!