Hutala ya mpweya ikani, koma relay ndi fyuzi musasiye

Abale anga oyendetsa machapa (maminibasi) ndi mathiraki, ine hutala ya mpweya sindidana nayo. Amene amayenda msewu wochoka ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, kapena kukhota pa Mussacama kukwera ku Ulongwe, akudziwa kuti kahutala kobwera ndi Hiace sikamveka patali. Ng'ombe zatchinga msewu, wanjinga wamanga matumba a makala mpaka sakuona kumbuyo, thiraki ikubangula pambali, iwe uli pii pii, palibe wotembenuka. Malo ngati amenewo hutala yamphamvu imapulumutsa moyo. Chimene chikundiwawa mtima ndi kaikidwe kake.

Mukagula, m'katoni mumapezamo malipenga awiri kapena atatu, kapaipi ka mpweya ndi kakompresa kokwana m'dzanja. Kakompresako musakaderere, kamadya moto wambiri, ma amp 15 mpaka 20, ena kupitirira apo, pomwe hutala ya kufakitale imangofuna 4 kapena 5. Mawaya ake akalewo ndi opyapyala chifukwa anawayezera kamoto kochepako. Ndiye mupeza mnyamata pa galaja wazula mawaya awiri pa hutala yakale, wawapotera pa kompresa, wakulunga tepi, basi ntchito yatha. Yalira, mwini galimoto mano onse pamtunda, walipira. Posakhalitsa fyuzi yayamba kupsa. M'malo mofunsa chifukwa chake, aikapo yaikulu, ena mpaka kulumikiza ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Kuchokera tsiku limenelo chopsa chatsala ndi waya weniweniyo, mkati mwa mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi kumene diso silifika. Taganizani zimenezi zikuchitika m'chapa yodzaza amayi ndi ana, injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, khomo lotulukira anthu akumbuyo lili limodzi.

Chonsecho chotetezera ngozi imeneyi ndi kabokosi kakuda ka miyendo inayi kotchedwa relay, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa ndalama ya ulendo umodzi wa chapa yodzaza. Mukakatembenuza muona manambala pafupi ndi miyendo: 30, 85, 86 ndi 87. Pa 30 pafike waya wonenepa wochokera ku pozitivi ya batire, ndipo pa waya ameneyu pakhale fyuzi yakeyake, ya ma amp 20 kapena 30 malinga ndi zomwe zalembedwa pa kompresa. Fyuziyo ikhale pafupi ndi batire penipeni, chifukwa waya akakhulika pa chitsulo, gawo lonse limene lili pakati pa batire ndi fyuzi lilibe chitetezo. Kuchoka pa 87 waya wonenepa yemweyo apite ku kompresa. Mawaya a hutala yakale apite ku 85 ndi 86. Ngati yakaleyo inali ya waya mmodzi, ameneyo alowe pa 86, ndipo 85 amangidwe ku chitsulo cha galimoto. Mukatero batani la pa chiwongolero limangodzutsa relay ndi kamoto kochepa, katundu wolemera n'kudzera njira yakeyake. Negativi ya kompresa imangidwe pa bawuti, mutapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale. Hutala zambiri zolira ngati zasasa mawu vuto lake limakhala pomwepa. Ndipo chonde, musanagwire waya aliyense, yambani mwachotsa negativi pa batire.

A mathiraki, inu nkhani yanu ndi ina. Magetsi a mathiraki ambiri ndi a 24V, choncho pa oterowo kompresa ndi relay za 12V musazikakamize, zipsa. Ambiri mumatenga mpweya ku mathanki a galimoto, ndipo apa ndipamene ndimachita mantha kwambiri. Mpweya umenewo ndi womwe umagwira mabuleki. Paipi ya hutala ichoke ku mzere wa zinthu zowonjezera, umene uli ndi valavu yoteteza, osati kuboola mzere wa mabuleki chifukwa choti ndi umene uli pafupi. Paipi yoteroyo ikaphulika mukutsika mapiri a ku Zóbuè mutasenza katundu, mpweya wa mabuleki sudzathawira pomwepo?

Poika malipenga, kukamwa kwake kuweramire pansi pang'ono kuti mvula ya ku Angónia ndi fumbi la m'misewu ya ku Furancungo ndi Tsangano zisakhazikikemo. Kompresa ikhale kutali ndi kotentha kwa injini, dzuwa la ku Tete la mu Okutobala ndi lokwanira kale kufewetsa kapaipi. Paipi ikhale yaifupi kuti hutala isamachedwe kulira.

Chinanso, hutala yakale musaitaye. Ikani switchi yosankhira, yakale ikhale ya m'tauni, ya mpweya ikhale ya pa msewu waukulu. Phokoso la hutala zimenezi limapitirira ma decibel 110, ndipo likamveka chapafupi limapweteka khutu. Ndimaona madalaivala akuiliza pa siteji pongoitanira okwera, mayi wabereka khanda waima pafupi ndi bampala, mwana n'kudzidzimuka n'kuyamba kulira. Pa mlatho wa Samora Machel mzere ukaima, kuliza hutala sikuyendetsa galimoto yakutsogolo. Wanjinga naye mukamulizira muli kale kumsana kwake amatha kudzidzimuka n'kugwera pakati pa msewu, choncho muchenjezeni mukadali patali.

Eni machapa, mukapita kukatenga galimoto ku galaja musangomvera kulira kwake n'kulipira. Muuzeni makaniko akulozereni relay ndi chala, akulozereninso fyuzi pafupi ndi batire. Akayamba zoti "bwana, izi zimagwira bwino popanda zimenezo", ndalama isatuluke m'thumba mpaka ataziika.