Batire yakufa isamathere m'nyanja

Dzulo padoko ndinapeza mnyamata akuswa batire yakale ya sola ndi nkhwangwa. Asidi anakhuthulira pamchenga pomwe mafunde amafika, n'kutola mtovu wam'katimo kuti akasungunule apange zomizira ukonde. Chapafupi amayi akutsuka mbale, ana akusambira. Nditamudzudzula anandiyankha mwaulemu ndithu: "Bambo, nyanjayi ndi yaikulu, imadziyeretsa yokha."

Usiku wonse mawu amenewa andisowetsa tulo, chifukwa ambirife kuno ku Mangochi timaganiza chomwecho.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini. Koma mtovu ndi mekyule (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni) si tizilombo toti n'kufa ndi moto. Ngakhale muwiritse madziwo tsiku lonse, zimakhalabe momwemo. Zimakhazikika m'matope a pansi. Mekyule ndiye woopsa zedi pa nsomba: amalowa m'tizamoyo ting'onoting'ono, usipa n'kudya timeneto, kampango n'kudya nsomba zazing'onozo, ndipo akamakwera chonchi amachulukirachulukira. Kuwamba kapena kukazinga sikumuchotsa. Womaliza kudya ndi ife.

Ku Minamata, m'dziko la Japan, fakitale inkataya madzi a mekyule m'nyanja. Mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo m'mabanja a asodzi: kunjenjemera, kulephera kuyenda ndi kulankhula, ana kubadwa olumala. Anali anthu odalira nsomba ngati ife. Pafupi pompa ku Kabwe, ku Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Timangoti mwanayu sagwira zakusukulu.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti tisiye kudya chambo. Ine ndinaphunzira ndi ndalama za usipa. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona mabatire a nyali zowedzera usiku atatayidwa m'mabango, kapena zinyalala za m'tauni zikukokoloka ndi mvula kulowa mu Shire, mtsinje womwe umakathira mu Malombe. Ndipo okumba golide cha ku Makanjira, ngati pali amene akugwiritsa ntchito mekyule, adziwe kuti mitsinje ya kumeneko imatsikira m'nyanja ya Malawi yomweyi.

Pempho langa kwa a MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, ndi a zausodzi: yezani madzi, matope ndi nsomba za kuno, zotsatira zake mutiuze pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao. A khonsolo, mafumu ndi makomiti a m'madoko, tipezereni malo amodzi osonkhanitsira mabatire akufa, kutali ndi madzi.

Mnyamata uja ndamulonjeza kuti batire ina ikafa ndidzamugula ndine, asaiswe. Loweruka ndipitanso padokopo kukalankhula ndi a komiti.