Musanasankhe sukulu, funsani kuti mwana akakhala kwa ndani

Mnzanga wanditumizira mayina a masukulu atatu a ku England. Akufuna ndimuthandize kusankha komwe mwana wake wa zaka 17 akaphunzire Chingelezi kwa miyezi itatu. Zithunzi za makalasi waziona, za aphunzitsi wawerenga, ndalama wawerengetsa kale. Ndamufunsa kuti, "Nanga mwanayo akakhala kwa ndani?" Wangoti, "Aa, zimenezo akonza a sukulu konko." Yankho limeneli landikhalira pamtima usiku wonse, n'chifukwa chake ndikulemba pano.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'masukulu ambiri a mtundu umenewu, mwana amakhala m'kalasi maola 15 pa sabata. Sabata ili ndi maola 168. Mukachotsa maola 56 a tulo ndi 15 a m'kalasi aja, patsala maola 97, ndipo ambiri mwa amenewa amathera pakhomo pomwe akukhala. A Cambridge, okonza mayeso a Chingelezi, amayerekeza kuti munthu amafunika maola pafupifupi 200 a maphunziro kuti akwere sitepe imodzi pa muyeso wa ku Ulaya wa luso la chilankhulo, woyambira pa A1 kukafika pa C2. Ndiye kuti kalasi payokha, miyezi itatu yonseyo, ingamukweze sitepe imodzi basi. Zina zonse azitola pakhomo, ngati pakhomopo pali choti atole.

Ine ndinapita ku Brighton, mzinda wa ku England, kukaphunzira Chingelezi ndili ndi zaka 18, ndipo ndinkakhala ndi banja lina kumeneko. Mayeso a Chingelezi ndinali nditakhoza bwino, kulemba sikunkandivuta. Koma tsiku loyamba patebulo, bambo a m'nyumbamo atandilankhula, sindinamve ngakhale theka. Mawu ankatuluka ataphatikizana, ena atamezedwa, osafanana n'komwe ndi a m'buku. Ndinangogwedeza mutu n'kumwetulira. Tikatha kudya ndinkathokoza n'kuthawira kuchipinda, foni m'manja, kucheza ndi abale mpaka tulo. Masabata awiri anatha choncho. Thupi linali ku England, koma makutu ndi pakamwa zinali zisanafike.

Amene anandipulumutsa ndi mayi a m'nyumbamo. Madzulo ena anagogoda pachitseko, n'kundipatsa kansalu kopukutira mbale. Sanandikalipire, sanandifunse chomwe chavuta. Anangondiuza kuti kuyambira lero iwo azitsuka, ine ndizipukuta. Pasinki paja ndi pomwe pakamwa panga panatsegukira. Ankandifunsa zazing'onozing'ono: basi inachedwa kodi, ndinakhala pafupi ndi ndani, mphunzitsi wanena chiyani chomwe sindinamve. Ndikasowa mawu ankadikira, osandimalizira. Kudikira kumeneko ndimakukumbukira mpaka lero, chifukwa m'kalasi ya anthu 12 palibe amene angakudikireni chotero. Ndikalakwitsa sankandiimitsa, ankangobwereza chiganizo changa chomwecho mokonza, ngati akuvomereza zomwe ndanena, ine n'kumva ndekha pomwe ndinaphonya.

Panalinso kamdzukulu kawo ka zaka 7 komwe kankabwera Loweruka. Mwana sadziwa kubisa. Ukatchula mawu molakwika amakuuza pomwepo kuti sanamve, ubwereze. Ankandikakamiza kumuwerengera timabuku take, ndipo katchulidwe kanga kanawongokera pamenepo kuposa kwina kulikonse. Bambo aja nawonso, amene ndinkawaopa, anali atagwira ntchito yoyendetsa basi zaka zambiri, ndipo nditazolowera kalankhulidwe kawo ndinapeza kuti aliyense mumsewu ndikutha kumumva.

Sindikunena kuti nyumba iliyonse ndi yotere. Mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Italy, ankapeza chakudya chake atamusiyira mufiriji, eni nyumba adya kale, ali pa TV chitseko chotseka. Kwa iwo iye anali ndalama ya lendi. Anapirira mwezi wathunthu chifukwa choopa kuoneka wosayamika, pomwe kusukulu kunali munthu wolembedwa ntchito yoona za malo ogona ndi umoyo wa ophunzira. Atakadandaula, sabata isanathe anamusamutsa. Safunsa anadya phula. Uzani ana anu asananyamuke kuti kupempha kusintha nyumba n'kololedwa, ndipo si mwano.

Makolo ambiri sadziwa kuti pali malamulo oti angawadalire. Ku UK, masukulu ovomerezeka amayenderedwa pansi pa ndondomeko ya Accreditation UK, yomwe amaiyendetsa a British Council mogwirizana ndi a English UK, bungwe la masukulu ophunzitsa Chingelezi. Oyenderawo amaonanso nyumba zomwe ophunzira amakhala. Nyumba imodzi siyenera kusunga ophunzira oposa 4 nthawi imodzi. Ophunzira awiri a chilankhulo chimodzi sayenera kuikidwa pamodzi pokhapokha atapempha okha, ndipo chilankhulo cha pakhomopo chiyenera kukhala Chingelezi. Banja lolandira mwana wosakwana zaka 18 limafufuzidwa mbiri yake kudzera ku DBS, bungwe la boma loona ngati munthu anapalamulapo mlandu. Ngati mwana sanakwane zaka 16 ndipo akhala kwa anthu omwe si abale ake masiku 28 kapena kuposa, khonsolo ya deralo iyenera kudziwitsidwa. Ngati mukuganiza za Ireland kapena Malta, kumeneko kuli malamulo akwawo, ndipo muwafunse msanga musanalipire kalikonse.

Komabe lamulo silingakakamize munthu kucheza ndi mwana wanu. Apa mpomwe pafunika mafunso anu. Funsani ngati banjalo limadyera pamodzi ndi wophunzira madzulo aliwonse. Kwa ine funso lalikulu ndi limeneli, kuposa kukula kwa chipinda kapena ngati muli bafa yakeyake. Funsani kuti alandira ophunzira kwa zaka zingati, pakhomo pali ana kapena ayi, komanso ulendo wa kusukulu ndi wa mphindi zingati. Za ulendozi musazipeputse: mu December ku England dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo mwana wobwera yekha mumdima ndi kuzizira, atasowa kwawo, amafuna kupeza munthu womufunsa kuti waswera bwanji.

Kwa inu achinyamata amene mukupita, ndikupempheni chinthu chimodzi chovuta. Foni ija muiike pansi. Sankhani nthawi yoimbira kwanu, mwina kawiri pa sabata, ndipo muzilankhula chilankhulo chanu momasuka, chifukwa n'chanu ndipo simunapite kukachitaya. Koma madzulo enawo khalani pabalaza ngakhale mukumva pang'ono chabe. Mutu udzawawa, mudzatopa kuposa mmene mumatopera ndi mayeso, ndipo masiku ena mudzalira. Ine ndinalira. Kenako tsiku lina bambo aja ananena nthabwala patebulo, ine n'kuseka nthawi imodzi ndi ena onse, osadikira kuti wina andifotokozere. Mayi aja anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, osanena kanthu.

Nanunso amene mumalandira ana a eni m'nyumba zanu, kulikonse komwe muli, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphindi 20 za pasinki zija sizinawadyere kanthu mayi aja, koma ntchito yomwe ndikugwira lero ndimaigwira ndi Chingelezi chomwe anandipatsa iwo.

Mnzanga uja ndamuyankha m'mawa uno. Ndamuuza kuti masukulu atatu onsewo awalembere, awapemphe kuti iye ndi mwana wake alankhule ndi banjalo pa vidiyo asanatumize ndalama, ndipo sukulu yomwe ivomere msanga ndiyo tiyambe kuiganizira. Walemba kale kwa awiri.